Wapiringiza Ndani? Za Mneni Uja “Complicate”

Pali mawu a Chingerezi amene timabwereka chifukwa kwathu kuno kunalibe chinthucho, monga kompyuta ndi intaneti. Palinso ena amene timabwereka ngakhale Chichewa chili ndi mawu ake ambirimbiri pa nkhani yomweyo, ndipo timatero chifukwa mawu athuwo salola munthu kuzemba. Mneni “complicate” ali m’gulu lachiwirili. Ndimamumva tsiku ndi tsiku: m’kalasi, pamzere wa chakudya, m’magulu a WhatsApp, m’zidziwitso zomatidwa pakhoma. Wina akuti, “Aise, osapanga complicate zinthu.” Wina akuti, “Za ine ndi iye uja ndi za complicated.” Kalata ya ku ofesi nayo ikuti, “This has complicated the process.”

Sindidana naye mneniyu, ndipo pali malo ena pamene iye yekha ndiye amakwana bwino. Koma maganizo anga ndi akuti chiganizo chilichonse chokhala ndi “complicate” chimakhala ndi ngongole ya mayankho atatu: wapiringiza zinthu ndani, wapiringiza chiyani, nanga zavutira yani? Chiganizo chikalephera kubweza ngongole imeneyi, ndiye kuti wolankhulayo akubisa kanthu, apo ayi sanayambe n’komwe kuganiza.

Tiyambe ndi kagwiritsidwe ntchito kake, chifukwa ambirife tinangomutola m’njira mneniyu, palibe anatikhazika pansi n’kutifotokozera. Tanthauzo lake ndi kuchititsa chinthu kukhala chovuta kuchichita kapena kuchimvetsa kuposa mmene chinalili poyamba. Pomutchula, mphamvu imagwera pa phatikizo loyamba, “com”, osati lomaliza. Ndi mneni woyambukira, kutanthauza kuti amafuna pamtherankhani. M’Chingerezi cha masiku onse simunganene kuti “The situation complicated” n’kukhala chete, chifukwa womva adikirabe kuti mumalize. Mumati “The rain complicated our journey,” kapena mukafuna kungonena mmene zinthu zakhalira, “The situation became complicated.” Chinanso n’chakuti pamtherankhani wake amakhala chinthu, osati munthu. Chiganizo chomwe chimamveka kawirikawiri pakati pathu, “You are complicating me,” sichinena zomwe mwini wake akufuna. Ngati mutu wamuzungulira, mawu ake ndi “You are confusing me.” Ngati akudandaula kuti mwamuwonjezera mtolo, anene kuti “You are complicating my life.”

Mneniyu ali ndi anzake amene amakonda kuyenda nawo: “complicate matters”, “complicate things”, “complicate the situation”, “complicate the issue”. Palinso kachiyambi ka chiganizo kaja, “To complicate matters further”, komwe munthu amaika patsogolo akafuna kuwonjezera uthenga woipa pamwamba pa wina: “To complicate matters further, the bridge was closed.” Ndiye pali msintho wochitidwa, “complicated by”, monga “The search was complicated by bad weather.” Zonsezi ndi Chingerezi cholongosoka, palibe mphunzitsi angakuchongereni ndi cholembera chofiira. Koma taonani anzakewo: “matters”, “things”, “situation”, “issue”. Onsewo ndi mawu opanda nkhope. Mneni amene salola munthu kukhala pamtherankhani wake, amenenso amakonda kuyenda ndi mayina opanda nkhope, ndi chida chabwino kwambiri kwa aliyense wofuna kulankhula za mavuto popanda kutchula wovutika.

Kumene anachokera mneniyu kumathandiza kumumvetsa. Ndi wa Chilatini, “complicare”: “com” ndi pamodzi, “plicare” ndi kupinda. Kupinda pamodzi. Abale ake m’Chingerezi ndi ambiri. “Duplicate” ndi kupinda pawiri. “Explicate” ndi kufunyulula chopindidwa. “Implicate” ndi kumupindira munthu mkati mwa mlandu. “Accomplice” ndi “complicit” amanena za munthu wopindidwa limodzi ndi wolakwa. Ngakhale “simple” ndi wa banja lomweli, chifukwa muzu wake umanena za chinthu chopindidwa kamodzi kokha. Chithunzi chake tonse timachidziwa: chitenje. Chikayalidwa pa chingwe mumaona maluwa ake onse. Chikapindidwa kasanu n’kumangidwa mfundo pakona, simudziwanso kuti mkatimo muli ndalama, mchere kapena chiphaso cha kuchipatala. Chosangalatsa n’chakuti Chichewa chimaganiza ndi chithunzi chomwechi. Munthu wofotokoza bwino timati watambasula nkhani, ndipo wotanthauzira timati wamasulira, kuchokera ku kumasula. Ndipo aliyense amene anachapapo zovala akudziwa kuti chitenje sichidzipinda chokha. Pamakhala manja.

Tsopano yesani kutembenuza chiganizo ichi kupita m’Chichewa: “The new rule complicated things.” Muona kuti simungayambe musanasankhe. Mukati lamulo latsopanolo lasokoneza zinthu, mukunena kuti panali dongosolo, ndiye wina walibalalitsa. Mukati akhwimitsa zinthu, mukunena kuti achita dala, amafuna kuti anthu ochepa okha adutse. Mukati lamulolo likuvutitsa, nthawi yomweyo womva afunsa kuti likuvutitsa yani, chifukwa kuvutitsa kumafuna munthu, monga mwana avutitsa amake. Mukati lapiringiza zinthu, mukuona chingwe cha mbuzi chitazungulira pachitsa, choti munthu woleza mtima akhoza kuchimasula. Mukati lakulitsa nkhani, mukunena kuti nkhaniyo inali yaing’ono. Mukati lakolezera moto, mukunena kuti zinali zitaipa kale. Mneni aliyense mwa amenewa ndi chigamulo. “Complicate” amafunditsa onsewa bulangete limodzi, choncho sagamula chilichonse.

N’chifukwa chake ndimasiyanitsa “kupanga complicate” ndi anzake monga “kupanga download” kapena “kupanga submit”. Tonse timalankhula choncho, kutenga mneni wa Chingerezi n’kumukoleka pa “kupanga”, ndipo ine sindiona vuto, chilankhulo chamoyo chimatero. Koma “kupanga download” timanena chifukwa palibe liwu lina lachidule lonena ntchito imeneyo. “Kupanga complicate” timanena pamene mawu ena asanu ndi limodzi ali chilili kudikira kuti tisankhepo.

Taganizirani chidziwitso cha mtundu uja timachidziwa tonse amene timadalira ndalama yodutsa mu ofesi ya wina: “Delays in processing have complicated the payment of allowances.” Mwininkhani wa chiganizochi ndi “delays”, ngati kuti kuchedwa ndi fisi amene analowa mu ofesi usiku n’kudya mafayilo. Pamtherankhani ndi “payment”, chinthu chosamva njala. M’chiganizo chonsecho mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ndiye yesani kuwaimbira foni amayi anu kumudzi kuti muwafotokozere zomwezo. Muyamba ndi kuti, “Amayi, ndalama ija sinabwere.” Iwo afunsa, “Waigwira ndani?” Mukayankha zozungulira, afunsanso, “Nanga iweyo ukudya chiyani?” Mafunso awiri okha, amayi osadziwa “complicate” abwezeretsa anthu awiri amene kalata ija inawachotsa: wina amene sanasayine pepala panthawi yake, ndi wina amene akudya kamodzi patsiku kwinaku mwini nyumba akugogoda pachitseko.

Zimachitikanso pa nkhani zikuluzikulu za dziko. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndi chapafupi kulemba kuti “The devaluation complicated planning for many households,” ndipo chiganizo chimenechi si chabodza. Koma chimamveka ngati mabanja anangovutika ndi masamu, ngati chomwe chinasowa ndi kakyuleta. Chimene chinachitika n’chakuti mitengo ya shuga, mafuta ophikira, sopo ndi minibasi inakwera, malipiro a anthu ambiri ali pomwepo. Zimenezo si zopiringizika. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuzimvetsa. Ndi zowawa basi.

Apa ndiye pagona kusiyana kumene ndimaona kuti ambiri timakuphonya, pakati pa “difficult” ndi “complicated”. Kusenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchoka kuchigayo kukafika kunyumba ndi “difficult”, koma si “complicated”: njira ukuidziwa, chofunika ndi khosi lolimba. Kukonza injini ya galimoto ndi “complicated”: tizigawo ndi tambiri, ndipo kena kakasuntha kamasunthitsa kanzake. Chinthu cha “complicated” chimafuna nzeru ndi kuleza mtima. Chinthu cha “difficult” nthawi zambiri chimafuna mphamvu kapena kulimba mtima. Tikasinthanitsa mawu awiriwa timadzipatsa chifukwa chokhalira pansi. Chinthu chikakhala chopiringizika, munthu amaloledwa kunena kuti akuchiganizirabe. Chikakhala cholemera chabe, palibe choganizira, n’kuwerama basi n’kusenza.

Palibe malo amene chinyengo chimenechi chimaonekera bwino kuposa pa zibwenzi. Facebook inaika “It’s complicated” pa mndandanda wa zomwe munthu angasankhe pofotokoza za chikondi chake, ndipo mawuwa tinawalandira ndi manja awiri. Koma mukamvetsera bwino nkhani zomwe anzathu amazitchula kuti ndi za “complicated”, zambiri zimakwana m’chiganizo chimodzi chachifupi. Ali ndi wina kumudzi. Chikondi chinatha koma foni anagula ndi iyeyo. Akudikira kuti aone ngati winayo apeze ntchito. Palibe chovuta kumvetsa pamenepa. Chovuta ndi kuchitulutsa pakamwa. Kumuuza munthu kuti sukumufunanso ndi thumba la chimanga lija, si injini. Ndipo pamene wina akubisala kuseri kwa “complicated”, pali mnzake amene akutaya miyezi, nthawi zina zaka, akudikira kuti chingwe chimasuke pamene palibe chingwe chilichonse. Ankhoswe kwathu amadziwa kuthana ndi zimenezi. Mukawauza kuti nkhani yake ndi yovuta, amakhala phee, kenako n’kuti, “Tamva. Tsopano longosolani, chinayamba ndi chiyani?”

Pali kagwiritsidwe ntchito kena kamene kamandidetsa nkhawa kuposa konseku, ndipo ndi kaja ka “osapanga complicate zinthu”. Tamverani bwino amene amauzidwa mawu amenewa. Kawirikawiri ndi munthu amene wafunsa funso. Pa msonkhano wa kalabu wina akafunsa kuti ndalama za zopereka zija zinayenda bwanji ndipo malisiti ali kuti, yankho limakhala lakuti akupanga complicate zinthu. Pa ntchito ya pagulu wina akafunsa chifukwa chomwe dzina la munthu amene sanabwereko ndi tsiku limodzi lomwe likulembedwa pachikuto, akupanga complicate. Mtsikana akafunsa mnyamata kuti kodi tikupita kuti ndi chibwenzichi, akupanga complicate. M’zitsanzo zonsezi chitenje chinali chopindidwa kale, ndipo wofunsayo akuyesa kuchitambasula. Mneniyu watembenuzidwa chadodolido: mlandu wa wopinda waperekedwa kwa wofunyulula. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife tapeza liwu la Chingerezi lochititsa manyazi wofunsa. Nthawi zina, n’zoona, pamakhaladi munthu wokulitsa nkhani, wofuna komiti ya anthu asanu kuti igule bokosi la choko. Ameneyo muuzeni m’Chichewa kuti akukulitsa nkhani, ndipo muona kuti mukakamizika kusonyeza kuti nkhaniyo ndi yaing’onodi.

Tsono si kuti mneniyu ndi banja lake alibe ntchito yoona. Kuchipatala, “complication” ndi liwu lokhala ndi tanthauzo lenileni: vuto lachiwiri lobadwa kuchokera ku loyamba kapena ku chithandizo chake. Malungo akhoza kuchepetsa magazi kapena kukhudza ubongo. Matenda a shuga akhoza kuwononga maso ndi impso. Mayi akhoza kutaya magazi ambiri atangobereka. Dokotala akanena kuti “complications” amakhala ndi dzina la vutolo m’mutu mwake. Liwuli limafooka likatuluka pageti n’kufika pa maliro, pamene timangoti “panali ma complications” ndipo aliyense amagwedeza mutu ngati wamva. Wachibale ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, “Adokotala, vuto lake linali liti kwenikweni?” Yankho lake likhoza kupulumutsa mng’ono wake wa malemuyo.

Kwa opanga mawotchi liwu lomweli ndi lotamanda. Wotchi ikamachita china choposa kuonetsa maola ndi mphindi, monga kuonetsa tsiku la mwezi, chowonjezeracho amachitcha “complication”, ndipo wotchi yokhala ndi zambiri zotere imakwera mtengo. Pamenepa kupindako kwabweretsa kanthu. Tanthauzo lotamandali ndi lomwe ife a maphunziro a mbiri, zolembalemba ndi filosofi timakumana nalo m’mabuku athu, pamene wolemba akuti umboni wakutiwakuti “complicates the narrative”. Sakudandaula ayi. Akunena kuti nkhani imene tinkaikamba mosalala ili ndi makwinya amene tinawasita.

Tengani John Chilembwe. Nkhani yosalala tonse timaidziwa: ngwazi imene inaukira atsamunda mu 1915, nkhope yake ili pa ndalama zathu, timamukumbukira pa 15 January. Koma mukawerenga mabuku monga Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, lomwe linatuluka mu 1958, kapena Magomero la Landeg White la mu 1987, makwinya amayamba kuoneka. Chilembwe anali mbusa wophunzira ku Lynchburg, ku Virginia, amene atabwerako mu 1900 anatsegula mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe, ku Chiradzulu, n’kumalimbikitsa anthu ake sukulu, ntchito ndi kavalidwe ka chizungu. Ambiri mwa omutsatira anali Alomwe ochokera ku Mozambique amene ankazunzika ndi thangata m’minda ya azungu. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero n’kumudula mutu, koma akazi ndi ana a azungu sanawaphe. Ndipo amene anamuwombera Chilembwe pa 3 February, chakufupi ndi malire a Mozambique, anali Aafirika anzake ogwira ntchito ya boma la atsamunda. Palibe mwa mfundo zimenezi imene ikumuchotsera ulemu. Zikumubwezera umunthu, ndipo zikutikakamiza kufunsa mafunso abwinopo.

Ndiye yerekezani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: “This complicates our understanding of history.” Chachiwiri: “The fact that African men hunted Chilembwe down complicates the idea that 1915 was simply black against white.” Choyambacho ndimachiona kawirikawiri tikamawerengerana zimangirizo tisanapereke kwa aphunzitsi. Chimamveka chaukachenjede, koma mukhoza kuchidula n’kuchimata m’chimangirizo chilichonse, cha Chilembwe, cha Shakespeare kapena cha ulimi wa fodya, ndipo chikwana. Chiganizo chokwana paliponse sichinena kanthu. Chachiwiricho chabweza ngongole yonse: chatchula chopiringiza, chatchula ganizo lomwe lapiringizidwa, ndipo tikudziwa amene zamuvutira, yemwe ndi aliyense amene ankakonda nkhani yosalala ija. Chimenecho mnzanu akhoza kuchitsutsa, ndipo chiganizo chotsutsika ndicho chiyambi cha mkangano wa nzeru.

Funso lachitatu lija, lakuti zavutira yani, ndi lomwe timaliiwala kwambiri, ngakhale m’zolemba zooneka zozama. Kumbukirani kuti “complicate” amanena kuti chinthu chavuta kuposa mmene chinalili. Choncho aliyense womugwiritsa ntchito amakhala kuti ali ndi chitenje chake choyalidwa m’maganizo, chomwe iye akuchiona kuti ndiye chiyambi. Chiganizo monga “Matrilineal custom complicates inheritance” chimamveka chosakondera, koma tachifunsani: kwa yani? Kwa agogo anga aakazi palibe chopiringizika pa nkhani ya munda. Munda ndi wa mbumba, umatsata ana aakazi, malume ndiwo oyang’anira, ndipo mkamwini amalima ndi kudya koma sakhala mwini nthaka. Akhoza kukufotokozerani zonsezi nsima isanapse. Kwa mnzanga wa ku Mzimba, kumene amalowola ndipo ana amatsata kwa bambo, dongosolo lakwawo nalonso ndi losavuta. Zimavutira munthu amene wabwera ndi fomu yokhala ndi mzere umodzi wokha wa “mutu wa banja” n’kupeza kuti mudzi sukukwana pamzerepo. Agogo akanakhala olemba malipoti, akanalemba kuti fomuyo ndiyo yapiringiza zinthu, ndipo sakanalakwa. Mukakumana ndi mneniyu m’buku, funsani kuti wolembayo waima pati.

Wina anganditsutse kuti ndikuchikweza Chichewa mopitirira muyeso, ngati kuti ndi chilankhulo cha angelo chosadziwa kubisa. Ameneyo akunena zoona. Nafenso tili ndi njira zathu zozembera. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti “ndaswa”, amati “yasweka”. Akuluakulu nawo amati “zavuta”, “zasokonekera”, “sizinayende”. Kusiyana kwake kuli m’makutu athu. “Yasweka” tinakula nayo, ndipo tonse tikudziwa funso lotsatira: “Yasweka yokha?” Makutu athu a Chichewa ndi ophunzitsidwa kugwira wozemba. Makutu athu a Chingerezi anaphunzitsidwa china, kugonja. Chingerezi kwathu kuno ndi chipata. Ngakhale Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, Chingerezi chinakhalabe cha m’maofesi, m’makhoti ndi m’Nyumba ya Malamulo. Ukalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satifiketi supata ngakhale masamu utakhoza bwanji, ndipo kuyunivesite sulowa popanda credit ya phunziro limeneli. Munthu amene wakula choncho akamva chiganizo cha Chingerezi chosalala, choyamba amachita nacho ulemu, kufunsa kumabwera mochedwa kapena osabwera n’komwe. Eni ake chilankhulochi anadandaulapo kale za vutoli. George Orwell, m’nkhani yake ya mu 1946 yotchedwa Politics and the English Language, anadzudzula olemba okonda mawu ataliatali ochokera ku Chilatini ndi msintho wochitidwa pofuna kuphimba zomwe akunena. Ngati Mngerezi ankaona kuti akupusitsidwa ndi Chingerezi chotere, kuli bwanji ife amene tinachiphunzira ndi chikwapu.

Winanso anganene kuti nthawi zina kusalongosola ndi ulemu, ndipo apanso ndikuvomera. Si aliyense wokufunsa za banja lako amene ayenera kumva zonse. Mnzako wa m’kalasi akakufunsa chifukwa chomwe sunapite kwanu pa holide, “it’s complicated” ndi njira yaulemu yotsekera chitseko, yofanana ndi “ndi nkhani yaitali”. Pamenepo palibe amene wavulala. Muyeso wanga ndi uwu: kodi munthu amene ukumuuzayo ndi mmodzi mwa amene nkhaniyo ikuwakhudza? Ngati sikumukhudza, tseka chitseko chako mwamtendere. Koma ngati ndalama yachedwayo ndi yake, ngati mtima ukudikirawo ndi wake, ngati wodwalayo ndi mayi ake, ndiye kuti “complicated” si ulemu, ndi kumumana chake.

Chimene ndimachita ndikalemba chiganizo chokhala ndi mneniyu ndi chachidule. Ndimachinena m’Chichewa, mokweza, ngati ndikuuza malume. Ndikapeza kuti liwu loyenera ndi kusokoneza, ndimabwerera ku Chingerezi n’kulemba “disrupt” kapena “confuse”. Likakhala kukhwimitsa, ndimalemba “tighten”. Likakhala kutchinga, “hinder” kapena “block”. Likakhala kukolezera moto, “worsen” kapena “aggravate”. Likakhala kupweteka munthu, ndimalemba “hurt” n’kumutchula munthuyo. Likakhaladi kupiringiza, kuti pawonjezeka tizigawo tatsopano tomwe tikukokana ndi takale, pamenepo “complicate” amatsala, ndipo amakhala wamphamvu chifukwa wakhala pamalo pake. Kudziwa zilankhulo ziwiri kuli ndi phindu limeneli, lomwe wodziwa Chingerezi chokha alibe: tili ndi sikelo yachiwiri yoyezera mawu.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa ife makamaka chifukwa cha kumene tikupita. Lero ndife owerenga zidziwitso zapakhoma, tikutukwana chamumtima amene anazilemba. Zaka zitatu kapena zisanu zikubwerazi ena mwa ife tidzakhala kuseri kwa desiki, m’maofesi a boma, m’mabungwe, m’mabanki, m’nyumba zoulutsira mawu. Tsiku lina fayilo idzagona pa tebulo lathu sabata ziwiri, ndipo bwana adzati tilembe chidziwitso. Chiganizo chija cha “delays” chidzabwera chokha m’zala, chosalala, chopanda cholakwa cha galamala, chopanda munthu. Kunja kwa zenera kudzakhala mzere wa anthu odikira, ena atabwereka ndalama ya minibasi kuti afike. Amenewo adzakhala akudziwa kale kuti zinthu zavuta. Chimene adzafune kumva kwa ife ndi chakuti zagwira pati, wazigwira ndani, ndipo abwerenso liti.